Nkhani za Pakhomo: Kabowo ka Magetsi m'Galimoto Kali ndi Muyeso Wake

 Mwezi uno tiyamba taika pambali nkhani za sukulu ndi za kumunda, kuti tikambirane za kanthu kakang'ono kamene kamapezeka pafupifupi m'galimoto iriyonse. Tikunena kabowo kozungulira kaja kamene kali kutsogolo, pafupi ndi giya, kamene achikulire amati choyatsira fodya ndipo anyamata amati soketi. Ambiri a ife timakagwiritsa ntchito, koma ndi owerengeka amene anafunsapo kuti kangathe kusenza katundu wochuluka motani.

Amene anakapanga poyamba anali ndi cholinga chimodzi, ndicho chakuti woyendetsa galimoto aziyatsira ndudu ali paulendo. Munthu ankakanikiza kachitsulo m'kabowomo, kachitsuloko n'kufiira patapita masekondi ochepa, ndipo ntchito inkathera pomwepo. Ife a mpingo tinalibe nako ntchito masiku amenewo. Tsono taonani, kabowo kamene kanapangidwira ntchito ya kamphindi ndi komweko kamene lero tikukagwiritsa ntchito ya maola ambiri.

Chifukwa chake tonse tikuchidziwa. Kalembera wa chaka cha 2018 anaonetsa kuti pa mabanja 100 alionse m'dziko muno, pafupifupi 11 okha ndiwo ankaunikira nyumba zawo ndi magetsi. Ngakhale iwo amene ali nawo magetsiwo sanaiwale zimene zinachitika namondwe wa Ana ataononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022. Dziko linataya ma megawatt pafupifupi 130, ndipo kuthimathima kwa magetsi kunapitirira kufikira m'chaka cha 2023. M'masiku otere munthu amayang'ana kulikonse kumene kungachokere thandizo, ndipo galimoto iri pafupi. Kuno kwathu ku Dedza, kaya ndi ku Linthipe, ku Lobi, ku Mayani kapena ku Bembeke, galimoto ikaima pamaliro, paukwati kapena pamsonkhano wa chitsitsimutso, posachedwa muona mafoni ataunjikana pampando wakutsogolo. Wina abwera ndi chimkuzamawu cha kwaya, wina ndi makina ometera, wina ndi laputopu. Kuthandizana kotere n'kwabwino ndithu. Koma kabowoka kali ndi muyeso wake, ndipo kuupyola kungatiotchere galimoto, kapena kuilepheretsa kulira usiku umene mayi wodwala afunika kuthamangira naye kuchipatala.

Mawu atatu oyenera kuwadziwa

Tisaope mawu achilendo, pakuti nkhaniyi mwana wa Sitandade 5 angathe kuimva. Ganizani za madzi amene amachokera pakasupe wa m'phiri ndi kutsika mumpope kufika kumudzi. Kasupe akakhala pamwamba kwambiri, madzi amatuluka mokankha. Kukankha kumeneko, pa nkhani ya magetsi, kumayesedwa ndi ma volt. Kuchuluka kwa madzi amene akudutsa mumpopemo ndiko kufanana ndi ma amp. Ntchito yonse imene madziwo angagwire, pophatikiza kukankha ndi kuchuluka kwake, ndiyo ikufanana ndi ma watt. Lamulo lake ndi lapafupi: chulukitsani ma volt ndi ma amp, mupeza ma watt.

Magetsi a ESCOM amafika m'nyumba ali ma volt 230. Batire la galimoto yaing'ono liri ndi ma volt 12 okha, ndipo injini ikamalira amakwera kufika pafupi ndi 14. Waya amene amatenga magetsi kuchokera kubatire kufika kukabowo kaja ndi woonda, ngati mpope waung'ono. N'chifukwa chake opanga galimoto anaika panjira yake fiyuzi, imene kawirikawiri imakhala ya ma amp 10 kapena 15, ndipo m'magalimoto ena ya 20. Tiyeni tichulukitse. Ma volt 12 kuchulukitsa ndi ma amp 10 ndi ma watt 120. Ma volt 12 kuchulukitsa ndi ma amp 15 ndi ma watt 180. Magalimoto ambiri a mtundu wa Toyota ochokera ku Japan, amene adzaza misewu yathu, amalola ma watt 120, ndipo nambala imeneyi imalembedwa pachivundikiro cha kabowoko kapena m'buku la galimoto. Safunsa anadya phula. Yang'anani nambalayo musanalumikize kanthu.

Tiwerengere pamodzi

Chipangizo chirichonse cha magetsi chimakhala ndi chizindikiro pansi pake kapena patchaja yake, chonena ma watt amene chimadya. Mukafuna kudziwa ma amp amene chidzakoka m'galimoto, gawani ma watt amenewo ndi 12.

Tchaja wamba ya foni imadya ma watt 5 kufikira 10, ndiye kuti sifika ndi amp imodzi yomwe. Matchaja othamanga aja amafika ma watt 20 kapena 30, ndipo nawonso kabowo sikawadandaula. Laputopu zambiri zimadya ma watt 45 kufikira 65, amene ndi ma amp 4 kufikira 6. Kabokosi koziziritsa zakumwa kamakoka ma amp 4 kapena 5. Zonsezi, chimodzichimodzi, ziri m'kati mwa muyeso. Koma kapampu kopopera matayala kamakoka ma amp 10 kufikira 15, kotero kuti kokhako kamadzaza njira yonse. Pamene mukupopa tayala, chotsani zina zonse, ndipo muzikapumiza kakatentha.

Tsono tifike ku zinthu zotenthetsa, pakuti ngozi yaikulu iri kumeneko. Ketulo ya magetsi ya m'nyumba imadya ma watt pafupifupi 2,000. Gawani ndi 12, mupeza ma amp oposa 160. Simbi ya magetsi yositira zovala imadya ma watt 1,000 kapena kuposa, amene ndi ma amp oposa 80. Kodi njira imene inakonzedwera ma amp 10 ingadutse 160? Kuli ngati kufuna kuti mtsinje wa Linthipe wa m'dzinja udutse mumpope wa kubafa. Mbale yophikira ya magetsi ndi choumitsira tsitsi ziri m'gulu lomweli. Alipo maketulo ang'onoang'ono opangidwira galimoto amene amadya ma watt 120, koma kuti lita imodzi ya madzi iwire pamafunika mphindi zoposa 40, ndipo nthawi yonseyo waya ali pa mapeto enieni a mphamvu yake. Mbaula ya makala ingakupatseni tiyi msanga kuposa pamenepo.

M'misika mukugulitsidwa timapulagi togawa kabowo kamodzi kukhala mabowo awiri kapena atatu. Ambiri amaganiza kuti mabowo akachuluka, mphamvu nayo yachuluka. Iai. Mukaika matepi atatu pampope umodzi, madzi ake ndi omwewo. Zonse zimene mwalumikiza muziphatikize pamodzi. Laputopu ya ma watt 65, kabokosi koziziritsa ka ma watt 55 ndi mafoni atatu a ma watt 10 iriyonse zikwana ma watt 150, ndipo muyeso wa 120 mwaupyola kale. Paja akuluakulu anati ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada.

Palinso bokosi lotchedwa inveta, limene limasandutsa ma volt 12 a batire kukhala ma volt 230 onga a m'nyumba. Painveta pangalembedwe ma watt 500 kapena 1,000, ndipo wogula amabwerera kwawo ali wokondwa. Koma nambala imeneyo ikunena zimene invetayo ingathe itapatsidwa magetsi okwanira. Ikalumikizidwa kukabowo, singapereke zoposa zimene kabowoko kakuipatsa, ndipo mwa zimenezo gawo lina, pafupifupi limodzi mwa magawo 10 kapena kuposerapo, limatayika ngati kutentha. Inveta yaikulu malo ake ndi pabatire penipeni, ndi mawaya okhuthala ndi aafupi, ndi fiyuzi yakeyake, ndipo woiika akhale munthu wodziwa za magetsi a galimoto.

Fiyuzi ndi mlonda wathu

Fiyuzi ndi kachitsulo kopyapyala kamene kali m'kapulasitiki ka mtundu. Magetsi akadutsa opyola muyeso, kachitsuloko kamasungunuka ndi kudula njira waya asanatenthe. Mitundu yake imatiuza kukula kwake. Pa mafiyuzi aphanthiphanthi amene ali m'magalimoto ambiri, yofiira ndi ya ma amp 10, yabuluu ndi ya 15, yachikasu ndi ya 20, ndipo yobiriwira ndi ya 30. Nambala imalembedwanso pamwamba pake, ndipo pachivundikiro cha bokosi la mafiyuzi pamakhala chithunzi choonetsa fiyuzi iriyonse ndi ntchito yake.

Fiyuzi ikapsa, yagwira ntchito imene anaiikira. Ikutiuza kuti mwina tasenzetsa katundu wochuluka, kapena chipangizo chathu chiri ndi vuto, kapena waya wakhudzana ndi chitsulo penapake. Chofunika ndi kupeza chifukwa chake, kenaka n'kuika fiyuzi ina ya nambala yomweyo. Chimene chimatimvetsa chisoni n'chakuti ena, poona kuti yofiira ikupsaipsa, amaikapo yachikasu kapena yobiriwira. Ena amakulungapo kawaya ka kopa, ena pepala lonyezimira la m'paketi ya ndudu, n'kumadzitama kuti athetsa vuto. Zoona zake n'zakuti achotsa mlonda pachipata. Tsopano chinthu chofooka koposa panjira yonseyo ndi waya amene wabisika kuseri kwa dashibodi, pakati pa mapulasitiki ndi nsalu. Akatentha, chikopa chake chimasungunuka, ndipo moto umayambira pamalo pamene maso saona ndi dzanja silifika. Galimoto ya mamiliyoni ingapse chifukwa chokaniza ndalama ya fiyuzi imodzi.

Pali zinanso ziwiri zoyenera kusamala. Choyamba, pulagi ikakhala yogwedera m'kabowo, malo amene zitsulo zikukhudzana amachepa, ndipo pamenepo pamatentha ngakhale fiyuzi isanapse. M'misewu yathu yamiyala ndi yamabampu pulagi imasukusika msanga. Muziigwira nthawi ndi nthawi. Ikatentha moti dzanja silingapirire, kapena mukamva fungo la pulasitiki wopserera, izuleni nthawi yomweyo. Chachiwiri, ana aang'ono amakonda kuponya ndalama zachitsulo, misomali ndi mapini m'kabowomo, ndipo chitsulo chotere chimalumikiza mbali ziwiri za magetsi ndi kuotcha fiyuzi. Kabowo kakakhala kopanda ntchito, katsekeni ndi chivundikiro chake.

Batire ndi chisanu cha kwathu

Tiyerekeze kuti mwawerengera bwino ndipo muli m'kati mwa muyeso. Funso lina latsala: magetsiwo akuchokera kuti? Injini ikamalira, pali makina amene amapanga magetsi ndi kudzaza batire. Injini ikazima, zonse zikuchokera m'batire lokha, ngati kudya chimanga cha m'nkhokwe popanda kulima.

Mabatire a magalimoto ang'onoang'ono amasunga pafupifupi 30 kufikira 45 Ah. Batire la 40 Ah, powerengera papepala, lingapereke ma amp 4 kwa maola 10. Koma batire la galimoto silinapangidwire kukhuthulidwa mpaka pansi. Ntchito yake ndi kupereka mphamvu yaikulu, ma amp oposa 100, kwa masekondi ochepa poliza injini, kenaka n'kudzazidwanso. Mukalumikiza chinthu cha ma amp 5 kwa maola 4 injini iri chizimire, mwadya 20 Ah, limene ndi theka la batire lonse. Kuchita zimenezi kawirikawiri kumafupikitsa moyo wake, ndipo mtengo wa batire latsopano tonse tikuudziwa kuti ndi woboola m'thumba.

Ife a kumapiri kuno tiri ndi chifukwa china chochenjerera. Tauni ya Dedza iri pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600 kuchokera pa nyanja yamchere, ndipo m'miyezi ya Juni ndi Julayi chisanu chake chimalowa m'mafupa. Kukazizira, batire limapereka mphamvu yochepa, pamene mafuta a mu injini amalimba ndi kufuna mphamvu yochuluka kuti injini itembenuke. Batire limene linali theka madzulo lingalize galimoto ku Golomoti kapena ku Mtakataka kumene kuli kofunda, koma kuno m'mawa wa Julayi lingangolira kakwekwe n'kukhala chete. Kale tinkadalira zitunda zathu: kuimika galimoto potsetsereka, anyamata n'kukankha, injini n'kudzuka. Njira imeneyi imatheka ndi galimoto ya giya wamanja yokha. Magalimoto ambiri obwera masiku ano ndi osintha okha giya, ndipo otere sadzuka ndi kukankha ngakhale mudzi wonse utasonkhana. Chakudza sichiimba ng'oma. Matenda a mwana kapena nthawi ya mayi woyembekezera zingafike pakati pa usiku, ndipo m'midzi yambiri galimoto imakhala imodzi yokha.

Dziwaninso khalidwe la galimoto yanu. M'magalimoto ambiri a ku Japan kabowo kamazima mukachotsa kiyi, koma m'magalimoto ena kamakhala ndi magetsi usana ndi usiku, kotero kuti chinthu choiwalika m'menemo chimadya batire mpaka m'mawa.

Wina anganene kuti, "Basi ndiziliza injini potchaja." Batire mwaliteteza ndithu, koma mukuotcha petulo wodula kuti mudzaze mafoni awiri, ndipo amene anagona pamizere ya mafuta m'zaka za 2022, 2023 ndi 2024 akudziwa mtengo wa lita imodzi. Choopsa koposa n'chakuti utsi wa injini uli ndi mpweya wakupha umene ulibe mtundu kapena fungo, womwewo umene umapha anthu ogona ndi mbaula m'nyumba yotseka nyengo yachisanu. Musalize injini m'garaji yotseka kapena pafupi ndi zenera la chipinda chogona, ndipo mwana asagone m'galimoto yoima injini ikulira.

Kwa achinyamata amene amakwera malole onyamula mbatata ya kachewere kupita ku Lilongwe ndi ku Blantyre, tikuti: malole ambiri akuluakulu amayendera ma volt 24. Chipangizo cha ma volt 12 mukachilumikiza m'menemo chimapsa. Matchaja ena a foni amalandira zonse ziwiri, ndipo amalembedwa chomwecho, werengani kaye. Magalimoto ena ochokera ku Japan alinso ndi soketi yonga ya m'nyumba, koma ya ma volt 100, pakuti ndiwo magetsi a m'nyumba za ku Japan. Zipangizo zathu zambiri ndi za ma volt 230, choncho yang'anani chizindikiro musanalumikize.

Njira yoposa

Galimoto ndi yothandiza paulendo ndi pa tsiku la mavuto, koma kuunikira nyumba ndi kutchaja mafoni a banja tsiku ndi tsiku kumafuna njira ina. M'boma lathu lomwe lino, ku Golomoti, muli munda wa magetsi a dzuwa wa ma megawatt 20 umene unayamba kugwira ntchito m'chaka cha 2022, ndipo uli ndi mabatire akuluakulu osungira magetsiwo. Dzuwa limene likuwala ku Golomoti ndi lomwelo likuwala padenga lanu. Kasola kakang'ono ndi batire lakelake, lopangidwira ntchito imeneyi, zingaunikire ana powerenga ndi kudzaza mafoni popanda kukhudza galimoto. Kumene banja limodzi silingathe, mlaga kapena Chigwirizano chingasonkhe pang'onopang'ono ndi kuika sola panyumba ya mapemphero, kuti chimkuzamawu cha kwaya chileke kudalira batire la galimoto ya abusa kapena ya mlendo. Mutu umodzi susenza denga.

Phunziro kwa ife tonse

Pa Luka 14 Ambuye wathu anaphunzitsa kuti munthu wofuna kumanga nsanja ayenera kuyamba wakhala pansi ndi kuwerengera ngati ali nazo zokwanira kuitsiriza. Iwo ankanena za mtengo wa kukhala wophunzira wawo, koma nzeru ya kuwerengera tisanayambe imafika ndi pa zinthu zazing'ono za pakhomo. Galimoto, kaya ndi yathu, ya mpingo kapena ya mnansi, ndi chuma chimene taikizidwa. Mnyamata amene wabwereka kiyi kuti atchaje foni, n'kulumikizanso zina zitatu mwini wake osadziwa, sanabe ndalama m'thumba la munthu, koma akasiya batire litafa waononga cha mnzake. Pemphani poyera, nenani chimene mukufuna kulumikiza, ndipo mwini galimoto akati ayi, musamuyese woumira.

Tiganizirenso za fiyuzi ija. Mulungu mwa chifundo chake anaika alonda otere m'moyo wa munthu: chikumbumtima, chidzudzulo cha kholo, chenjezo la mphunzitsi, uphungu wa akulu a mpingo. Mawu awo sakoma pamene tiri pakati pa kusangalala, monga momwe fiyuzi imakwiyitsira ikadula nyimbo pakati. Koma wakutsina khutu ndi mnansi. Mnyamata kapena mtsikana amene amatseka pakamwa alonda ake onse amaoneka ngati wapambana kwa kanthawi, pamene moto ukunyeka mobisika. Ndipo ife makolo tisatope kunena ayi pamene payenera ayi, ngakhale ana atiyang'ane ndi diso lofiira.

Tisanatsazike, tikupempha banja lirilonse limene liri ndi galimoto kuti sabata ino lichite zinthu zitatu. Bambo kapena mayi atenge ana, atsegule bokosi la mafiyuzi, ndipo aone ngati fiyuzi ya kabowo iri ya nambala yoyenera, yopanda kawaya kapena pepala lokulungapo. Ana a sukulu atenge kope, alembe ma watt a chipangizo chirichonse chimene banja limalumikiza, aphatikize, ndipo ayerekeze ndi muyeso wa galimotoyo. Potsiriza, mugule mafiyuzi awiri kapena atatu a nambala yomweyo ndi kuwasunga m'galimoto, kuti tsiku limene ina idzapsa pasadzakhale chiyeso chokulunga waya. Mukatero ana adzaona ndi maso awo kuti masamu a kusukulu ali ndi ntchito pakhomo, ndipo galimoto idzakhala yokonzeka pa ora limene moyo wa munthu udzaidalira.

Ambuye akusungeni inu ndi a pabanja panu m'maulendo anu onse, kufikira tidzachezenso mwezi wamawa.